Momwe mungayesere ngati galu wanu akukumbukira zimene wangoona kumene

Galu akamadziwa dzina lake kapena njira ya kumunda, amakhala akugwiritsa ntchito zimene anaphunzira kalekale. Pano tikunena za china: kusunga m'mutu kwa kanthawi chinthu chimene wangochiona, monga mumachitira ndi nambala ya foni imene wina wakuuzani musanailembe. Mayeso ake ndi akale ndithu. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1913, wofufuza wina dzina lake Walter Hunter, ali ku yunivesite ya Chicago, ankayatsa nyali pa khomo limodzi mwa makomo atatu, n'kuizimitsa, kenako n'kuchedwetsa nyama imene anaiphunzitsa kupita ku khomo loyaka nyali, isanasankhe kolowa. Makoswe ankalephera pakangodutsa masekondi 10, pomwe galu anafika mphindi 5.

Pezani makapu atatu ofanana ndendende, usipa wouma, chitenje, wotchi ya pafoni ndi mnzanu woti azigwira galu. Muyese galuyo asanadye, chifukwa galu wokhuta safunanso za usipa wanuwo.

Yambani ndi kupaka usipa m'makapu onse atatu, m'kati ndi kunja komwe. Anthu ambiri amadumpha apa, ndiye amakhala akuyesa mphuno osati mutu. Makapu onse azinunkha chimodzimodzi. Avundikireni pansi mu mzere, motalikirana ngati phazi limodzi lalikulu, galu akhale mamita awiri kapena atatu kuchokera pamenepo.

Tsopano m'phunzitseni masewerawo. Galu akuona, ikani kausipa pansi pa kapu imodzi, mnzanu am'siye nthawi yomweyo. Akagunda kapu yolondola ndi mphuno, ivundukuleni adye. Akalakwa, musam'kalipire. Ingochotsani usipawo muyambirenso. Musapitirire mpaka atamalondola pafupifupi nthawi zonse.

Apa ndiye pofunika kusamala. Mukabisa usipa, tchingani makapu ndi chitenje, muwerenge masekondi 5, kenako chotsani chitenjecho galu asankhe. Pa nthawi yodikirayo mnzanu am'tembenuze galuyo kapena ayende naye pang'ono. Hunter anaona kuti makoswe ndi agalu ake ankangoima ataloza mutu ku khomo lomwe linayaka nyali, osasuntha mpaka atawatsegulira. Galu wotere angathe kulondola popanda kusunga kanthu m'mutu, thupi lake ndilo lam'sungira yankho.

Nanunso mukhoza kum'bera mayeso galu wanu osadziwa. Ku Berlin kunali hatchi yotchedwa Hans imene anthu ankati imadziwa masamu, poti inkagogoda pansi ndi phazi mpaka kufika pa yankho. Mu 1907, wofufuza wina dzina lake Oskar Pfungst anasonyeza kuti hatchiyo inkangoyang'anitsitsa wofunsayo, amene ankasuntha mutu pang'ono kwambiri ikafika pa nambala yolondola. Agalu ndi akatswiri pa zimenezi. Choncho mukachotsa chitenje, yang'anani kumbali, manja kumbuyo, ndipo wogwira galuyo azitsinzina pamene mukubisa usipa.

Lemberanitu papepala kapu imene muzibisamo pa ulendo uliwonse, mosakanizasakaniza, kapu iliyonse ipezeke kanayi pa maulendo 12. Mukamangosankha m'mutu mudzapeza kuti mukukonda ya pakati, ndipo galu adzazindikira msanga kuposa inu.

Chitani maulendo 12 pa masekondi 5, tsiku lina pa 10, kenako 30, 60 mpaka 120. Musaunjike zonse tsiku limodzi, galu akatopa amangogona pansi kapena kuthamangira nkhuku. Powerengera, kumbukirani kuti makapu ndi atatu, ndiye ngakhale galu wongolota akhoza kulondola kanayi pa 12. Akamalondola ka 10 kapena ka 11, akukumbukiradi. Onaninso mtundu wa zolakwa zake: akamabwerera ku kapu imene munali usipa ulendo wapitawo, ndiye kuti zakale zikusokoneza zatsopano, choncho muzipumira mphindi imodzi kapena ziwiri musanabisenso.