Ophunzitsa pa intaneti, musasunge mayeso onse kumapeto

Aphunzitsi anzanga, musamadalire mayeso amodzi aakulu a kumapeto kwa teremu. Ophunzira athu ambiri kuno ku Lilongwe amawerenga pa foni, usiku ataweruka kuntchito, bandulo ili yochita kupimira. Wina ali ku Area 25 magetsi azima, wina ku Mitundu netiweki ikungobwera n'kupita. Mukaika mayeso a ola limodzi 8 koloko madzulo, ena alephera asanaone n'komwe funso loyamba.

Muzipereka timayeso ting'onoting'ono sabata iliyonse, mafunso 5 kapena 10, totsegula kwa masiku awiri. Pa Moodle, pulogalamu yophunzitsira pa intaneti, mutha kusunga mafunso ambiri, n'kukonza kuti aliyense alandire ake, mayankho atasakanizidwa. Apo kutumizirana "B, D, A" pa WhatsApp sikuphula kanthu. Muzifunsanso zovuta kukopera: awerengere phindu la mayi wogulitsa tomato ku msika wa Wakawaka, kapena afotokoze phunzirolo ndi pakamwa pake pa voice note ya mphindi ziwiri. Njira imeneyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa wongoloweza amagwidwa msanga, amayamba kudodoma pakati.

Notsi zikhale za PDF yopepuka, mavidiyo aatali amatha bandulo.

Lolemba lililonse onani amene sanalowe sabata yonse. Moodle imaonetsa tsiku limene munthu analowa komaliza. Muimbireni foni kapena mulembereni payekha, osam'tchula pagulu, poti ena akachita manyazi amasowera pomwepo. Kawirikawiri mupeza kuti foni inafa kapena kwawo kunagwa maliro, ndipo kumuwonjezera masiku atatu kumakwanira kuti awapeze anzake.