Mapaipi a hita yofunditsira injini ya basi: samalani potulukira ndi pobwerera madzi

Ku America ndi ku Canada anthu ambiri amagula mabasi akale, makamaka achikasu aja onyamula ana asukulu a Blue Bird ndi Thomas, nkuchotsamo mipando yonse ndi kuikamo bedi, khitchini ndi bafa. Basi yasanduka nyumba. Mavuto amayamba mu Januwale, chisanu chikafika madigiri 20 pansi pa ziro: mukiya, injini ingolira ngati yatsamwa, utsi woyera kuti tolo, basi osadzuka. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto. Dizilo amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa m'silinda, ndiye chitsulo chikazizira chimameza kutentha konseko, oyilo nayenso atalimba ngati phala la dzulo. Injini zakale za Detroit Diesel ndiye zimadziwika ndi khalidwe limeneli.

Ngati mumagona pamalo pamene pali magetsi, hita ya magetsi yolowetsa m'buloko (thupi lachitsulo la injini, mmene muli masilinda) imakwanira. Koma amene amaima kutchire amafuna hita yoyaka dizilo yotenthetsa madzi a injini, monga ya Webasto kapena ya Eberspächer, imene ku America amaitcha Espar. Yaing'ono ya makilowati 5 imamwa dizilo wopitirira pang'ono theka la lita pa ola. Kugula hitayo n'kosavuta. Pamene anthu amalakwitsa ndi pa mapaipi.

Madzi atuluke m'injini pamalo amodzi, adutse m'hita, abwerere pamalo ena otalikirana ndi poyambapo. Kawirikawiri mumawatenga kumbuyo kwa buloko, chakumunsi, nkuwabwezera pamene pampu ya madzi ya injini imakokera. Mukatero kapampu ka hita kamakankha madzi njira imodzimodzi ndi pampu ya injini, sizilimbana injini ikalira. Mukalumikiza mapaipi onse awiri pafupifupi, poti ndi pamene dzanja likufika bwino, madzi otentha angolowa apa nkutulukira apo. Hita iona ngati ntchito yatha nkuzima, pamene masilinda akutali akadali zii. Ndinaonapo basi ina yotere: paipi yotentha yosagwirika, koma kuika dzanja mbali ina ya buloko, kuzizira ngati mwala wa mumtsinje. Mwini wake ankati hita ndi yakufa. Hita inalibe mlandu.

Mapaipi onse awiri akhale mbali ya injini, osati mbali ya radiyeta, kuseri kwa themositati (kavalavu kotsegulira madzi kupita ku radiyeta injini ikatentha). Radiyeta ya basi imasunga madzi ambiri, ndipo ntchito yake ndi kutaya kutentha. Mukaiphatikiza mudzatentha dizilo usiku wonse kufunditsa mphepo.

Tsono nkhani ya mpweya. Kapampu ka hita sikatha kudzikokera madzi, kamafuna madziwo adzitsikira okha. Choncho hita ndi pampu yake zimangidwe pansi, kumunsi kwa mlingo wa madzi a m'kathanki ka pamwamba pa radiyeta. Paipi isakwere nkutsikanso ngati uta, chifukwa pansonga pa utawo ndi pamene mpweya umabisala. M'basi ya injini yakumbuyo mapaipi amayenda mamita angapo pansi pa basi, ndiye malo obisalamo ndi ambiri. Mukatha kudzaza madzi, masulani pang'ono paipi yotulukira pa hita mpaka madzi abwere opanda thovu, lizani injini ifunde, onjezerani madzi, kenako yatsani pampu yokha kaye musanayatse moto. Hita yoyaka mpweya uli mkati imatentha mopyola muyezo nkudzizimitsa, ndipo zina zikachita zimenezi kangapo zimadzitsekeratu.

Kuyesa kwake n'kwapafupi. Hita ikuyaka, pimani kutentha kwa paipi yolowa ndi yotuluka. Kusiyana kukapitirira madigiri 10, madzi akuyenda pang'onopang'ono: mwina paipi yapindika, mwina ndi yopapatiza, mwina mpweya ukadalimo.

Ikani mavalavu awiri otsekera pa injini penipeni. Tsiku limene paipi idzaphulike pamsewu, mudzangotseka nkupitiriza ulendo madzi a injini asanatayike onse. Pamene paipi ikuboola chitsulo ikanipo labala, ndipo musaigundike ku ekizozi.

Ambiri amafuna kuti hita yomweyo izifunditsanso m'nyumbamo ndi kutenthetsa madzi osamba. Ine ndimalangiza kuti madzi a injini ndi a m'nyumba asasakanikirane. Pakati pake ikani kabokosi ka timalata topyapyala kopatsirana kutentha, madzi awiriwo azidutsana osakhudzana, mbali iliyonse ndi pampu yake ndi kathanki kake. Chifukwa chake n'chakuti mankhwala a ethylene glycol a m'madzi a injini ndi poizoni, komanso amatsekemera, moti galu kapena mwana akapeza atadontha pansi pa bedi angathe kunyambita. Mbali ya m'nyumba thirani propylene glycol. Mbali ya injini, theka mankhwala theka madzi zimapirira mpaka chapamadigiri 37 pansi pa ziro. Phindu lina n'lakuti mukamayenda, injini imakufunditsirani m'nyumba hita ili chozima.

Dizilo wa hita atengedwe ndi kapaipi kakekake m'thanki, kothera pamwamba pang'ono osagunda pansi, kuti hita isakumwereni dizilo yense muli m'tulo. Utsi wake utulukire kunja, kutali ndi windo ndi chitseko, ndipo m'basimo mukhale alamu ya carbon monoxide, popeza mpweya wapoizoni umenewu sununkha. M'chilimwe musaiiwale: iyatseni kamodzi pamwezi kwa mphindi 10, mavalavu ali otsegula, kuti pampu isagwire.