Kusunga ufulu wogwira ntchito ku Australia posinthira ku partner visa

Mukapereka fomu ya partner visa (viza ya mwamuna kapena mkazi wa nzika kapena wokhazikika ku Australia), subclass 820/801, muli m'dziko la Australia, boma limakupatsani Bridging Visa A, viza yongoyembekezera yokulolani kukhala m'dzikomo podikira yankho la fomu yanu. Ambiri amalakwitsa pomwepa. Viza imeneyi siyamba kugwira ntchito tsiku lomwelo, imadikira kuti viza yomwe muli nayo ithe kaye. Nthawi yonseyi malamulo a viza yakale akadali pa inu.

Ngati muli pa viza ya sukulu, ya 500, musapitirire maola 48 pa masabata awiri aliwonse pamene sukulu ili mkati. Wa working holiday, ya 417, kawirikawiri sagwira kwa bwana mmodzi kupitirira miyezi 6. Wa viza ya alendo, ya 600, sagwira ntchito konse, ngakhale fomu italowa kale.

Musanapereke fomu, yang'anani pa VEVO, tsamba la boma la pa intaneti loonetsa malamulo a viza yanu, ngati viza yanu ili ndi condition 8503, lamulo loletsa kupempha maviza ena ambiri muli m'dzikomo. Ikakhalapo, fomu yanu salandira mpaka mutapempha ndipo boma litachotsa lamulolo, ndipo sikuti amangovomera aliyense. Perekaninso fomu viza yanu isanathe. Ikatha musanapereke, mumagwera m'malamulo okhwima a Schedule 3, okhudza anthu opereka fomu viza yawo itatha.

Bridging Visa A ikayamba, kawirikawiri imalola ntchito iliyonse popanda malire a maola. Tumizirani abwana anu umboni wa pa VEVO tsiku lomwelo, chifukwa ena akaona kuti deti la viza yakale lakwana amachita mantha n'kumuimitsa munthu ntchito.

Kukagwa maliro kumudzi, musakwere ndege musanatenge Bridging Visa B, yomwe imakulolani kutuluka ndi kubwereranso. Mukatuluka m'dzikomo ndi ya A, imathera pomwepo, ndipo simungabwerere nayo.