Zizolowezi za umoyo zimene zingapirire mvula ya Januwale

Chaka chikamayamba, anthu ambiri mu Lilongwe muno amalumbira zinthu zikuluzikulu. Wina amati mowa wausiya lero lomwe, wina amati aziyamba kuthamanga tambala woyamba asanalire, ndipo wina amagula nsapato zamasewera zimene pofika mwezi wa Malichi zimakhala zikudya fumbi pansi pa bedi. Anthuwa sakhala kuti ndi aulesi. Vuto ndi lakuti malumbiro awo sawerengera mwezi umene akuyambiramo. Januwale amatipeza ndalama zitathera ku Khirisimasi, ku fizi ya ana ndi ku feteleza wobereketsa, chimanga chitakwera mtengo, mvula ikugwa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo njira za ku Mtandire, Chinsapo ndi Area 36 zili matope okhaokha. Choncho langizo langa ndi lakuti musankhe zizolowezi ziwiri zokha, zosalira ndalama zambiri, ndipo chilichonse muchimangirire pa ntchito imene mumaichita kale tsiku ndi tsiku.

Ngati banja lingathe chimodzi chokha, liyambire pa madzi akumwa. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unatenga miyoyo ya anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu mzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Nyengo ya dzinja madzi othamanga amakokolola zonyansa za m'zimbudzi zodzaza ndi kuzitsira m'zitsime zosatetezedwa, kotero kuti madzi ooneka oyera mbee angathe kukhala ndi tizilombo. Mayi kapena mwana amene watunga madzi athire klorini kapena WaterGuard nthawi yomweyo pamene watula ndowa, motsata muyeso wolembedwa pa botolo kapena umene mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu wakuuzani, ndipo madziwo adikire mphindi 30 asanamwedwe. Botolo la mankhwala lizikhala pambali pa ndowa, osati m'kabati, chifukwa chimene chabisika chimaiwalika. Ndowayo ikhale yovundikira, ndipo pakhale kapu imodzi yotungira yosiyana ndi yomwera. Ndaona makomo ambiri amene amathira mankhwala mokhulupirika koma ana amaviika kapu ndi zala zomwe m'ndowa, ndipo ntchito yonse imapita pachabe.

Chogwirizana ndi madzi ndicho kusamba m'manja, ndipo apa mpondagiya amathandiza kuposa malangizo a pakamwa. Zofunika ndi kachigubu ka malita asanu, mitengo iwiri ya mphanda, mtengo wina wopingasa, chingwe ndi kamtengo kopondapo. Boolani kachigubu ndi msomali wotentha chakumtunda, kakolekeni pa mtengo wopingasawo, mangani chingwe kuchokera pakamwa pa chigubu kufika pa kamtengo kapansi, kuti munthu akaponda madzi azituluka popanda kugwira chigubu. Sopo amangidwe pa chingwe ndi kuvundikiridwa ndi kachitini kuti mvula isamusungunule ndiponso mbuzi zisamudye. Sopo akasowa, phulusa ligwire ntchito. Mpondagiyayo muzikeni pa njira yochokera kuchimbudzi, pamalo pamene munthu sangawalambalale. Pa nthawi ya chakudya, siyani mwambo wosambira m'beseni limodzi banja lonse, kumene wamng'ono amasamba m'madzi amene akulu asiyamo litsiro lawo. Madzi azithiridwa ndi jagi, wina akuthirira mnzake.

Za neti yoteteza ku udzudzu sindichulukitsa mawu, popeza aliyense amadziwa kuti malungo amachuluka nyengo ino. Chosowa ndi chizolowezi chabe. Tsitsani neti pamene mukutseka mawindo madzulo, osadikira nthawi yogona pamene tulo tagwira kale, ndipo neti yong'ambika isokedwe m'malo moitchingira dimba. Thupi likatentha, kayezetseni magazi tsiku lomwelo, ndipo mukapatsidwa LA malizani masiku onse atatu ngakhale mutayamba kupeza bwino.

Pa nkhani ya chakudya ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi, poganiza kuti kudya bwino ndi kwa anthu a ku Area 10 ndi Area 43. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa, omwe ndi zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, safuna sitolo yaikulu. Mwezi uno bonongwe, chisoso, luni ndi denje zimamera zokha m'minda, nkhwani ndi khwanya zili mbwee m'misika, mango omaliza akadalipo, ndipo kamulu ka usipa kapena bonya kakukwanira kuimira gulu la zanyama. Mbale ya nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera ndi usipa pang'ono ili kale ndi magulu angapo, chifukwa nsinjiro zimabweretsa zomanga thupi ndi mafuta nthawi imodzi. Chizolowezi chosavuta n'chakuti pa chakudya chamasana kapena chamadzulo pasalephere masamba, ndipo mtanda umodzi wa nsima uchepe kwa iwo amene amakhala pa mpando tsiku lonse. Kwa mlimi amene akupalira ndi kubandira kuyambira m'mamawa, langizo lochepetsa nsimali silikumukhudza. Masamba asaphikidwe mpaka kuda, ndipo soda achepe, chifukwa amawononga ena mwa mavitamini amene tikuwafunawo.

Mchere ndiwo mdani amene timamuitana tokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, omwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi umene uli kale mu buledi, nsomba zouma ndi timapaketi tokometsera ndiwo. Onani zimene zimachitika pa chiwaya masana: tchipisi chathiridwa kale mchere, wogula amatsinanso wina m'kambale ndi kuwaza asanalawe n'komwe. Kunyumba nakonso kambale ka mchere kamafika pamkeka pamodzi ndi nsima. Musayambe ndi kuphika ndiwo zopanda mchere, chifukwa banja lidzadandaula ndipo wophika adzabwerera ku zakale pasanathe sabata. Yambani ndi kuchotsa kambale kaja, kenako wophika aziyeza mchere ndi sipuni m'malo mwa dzanja, ndi kumachepetsa pang'ono sabata iliyonse. Lilime limazolowera. Shuga wa mu tiyi achepetsedwe mwa njira yomweyo, kuchoka pa masipuni atatu kufika pa awiri, kenako imodzi.

Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Matendawa sachenjeza, munthu angathe kumayenda bwinobwino mpaka tsiku limene wafa ziwalo. Kayezetseni BP mwezi uno pa chipatala chimene muli nacho pafupi, lembetsani manambala m'buku lanu la kuchipatala, ndipo ngati afika 140/90 kapena kuposa, tsatirani zimene achipatala akuuzeni ndipo musasiye mankhwala chifukwa choti mutu wasiya kupweteka.

Kulimbitsa thupi sikufuna jimu. Muyeso wa WHO ndi mphindi zosachepera 150 pa sabata, zimene ndi mphindi 30 kwa masiku asanu, ndipo wopalasa kabaza kapena mayi wosenza madzi amapyola kale muyesowu. Amene akufunika kuganizapo ndi a mu ofesi ku City Centre ndi ogulitsa okhala pa benchi tsiku lonse. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, kapena yendani mofulumira nthawi ya nkhomaliro, ndipo sungani ambulera m'chikwama kuti mvula isakhale chowiringula.

Mukasankha ziwiri zanu, uzani a m'banja mwanu ndipo gawanani ntchito, chifukwa chizolowezi cha munthu mmodzi m'nyumba ya anthu asanu ndi awiri sichichedwa kufa. Mwana wa sukulu angathe kupatsidwa udindo wodzaza mpondagiya m'mawa uliwonse asanavale yunifolomu, bambo n'kukhala wotsitsa maneti. Pa kalendala ya pakhoma chongani tsiku lililonse limene mwakwanitsa. Padzakhala masiku a maliro, a ulendo kapena a matenda amene mudzaphonya, ndipo zikatero pitirizani mawa lake popanda kuyambanso kuwerenga. Chizolowezi chachitatu muchionjezere pamene chimanga chachiwisi chayamba kudyedwa, ngati kalendala ikuonetsa kuti ziwiri zoyambazo zakhazikika.