Mmene ndinathetsera vuto la soya wamasamba achikasu

Chaka chatha soya wanga anali wokwinimbira, masamba ake achikasu. Ndinathira feteleza wa yureya, koma anabiriwira kwa masabata ochepa basi. Nditazula phesi limodzi, ndinapeza kuti mizu inalibe timibulu, momwe mumakhala tizilombo ta m'nthaka totchedwa Bradyrhizobium japonicum, tomwe timatenga nayitrojeni mumpweya n'kudyetsa mbewu.

Chaka chino ndinagula paketi ya inokulanti, womwe ndi ufa wokhala ndi tizilombo timeneti. Ndinanyowetsa mbewu ndi madzi othira shuga pang'ono kuti ufawo umatirire, kenako ndinasakaniza m'beseni pamthunzi, chifukwa dzuwa limapha tizilomboti msanga. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Ndinadzala tsiku lomwelo m'nthaka yachinyezi. Patatha masabata 6 ndinang'amba kambulu kamodzi ndi chikhadabo, ndipo mkati munali mofiirira, kusonyeza kuti tizilomboti tayamba kugwira ntchito.