Agogo akayamba kuiwala, tiyeze BP tisanaganize zakumtundu

Pamisonkhano ya m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje funso ili silisowa: "Mayi anga aiwala ndi mayina a zidzukulu omwe, usiku amatuluka n'kusochera. Kodi nanenso zidzandigwera?"

Awa ndi matenda a muubongo, achipatala amati dementia. Mtundu wake wofala ndi Alzheimer's, umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaufotokoza mu 1906. Zakumtundu zilipo ndithu. Chibadwa chotchedwa APOE4 chimakweza chiopsezo, komabe ambiri obadwa nacho amakalamba mutu ukugwira. Mabanja amene matendawa amatsata magazi, n'kumagwira anthu asanafike zaka 65, ndi ochepa zedi.

Chimene chimandilimbitsa mtima ndi lipoti la 2024 la akatswiri a Lancet, magazini ya zachipatala. Iwo anapeza kuti pafupifupi 45 mwa odwala 100 alionse, matendawa akanapewedwa kapena kuchedwetsedwa pothana ndi zinthu 14 zimene zili m'manja mwathu.

Kwa ine chachikulu kuno ndi BP. Siimveka kupweteka, koma imawononga timitsempha ta muubongo pang'onopang'ono kuyambira munthu ali ndi zaka za m'ma 40. Kayezetseni kuchipatala chapafupi, kaya ku Ngabu, Nchalo kapena Bangula, ndipo muyezetsenso shuga. Akakupatsani mankhwala musasiye poti mwapezako bwino. Mchere wapandiwo tichepetse, makamaka ife amene mijigo yathu ina imatulutsa kale madzi amchere.

Kuvulala m'mutu nakonso kumadzabwezera kuukalamba, choncho anyamata a kabaza wa njinga zamoto valani chipewa choteteza mutu pa M1. Kachasu ndi fodya n'zowononga ubongo. Utsi wa nkhuni uzipeza potulukira m'khitchini.

Agogo akamamva movutikira kapena ali ndi ng'ala m'maso, apititseni kuchipatala, chifukwa wosamva ndi wosaona amayamba kudzipatula. Azikhala nawo pamacheza, kutchalitchi, ngakhale potongola chimanga.

Akasokonezeka mwadzidzidzi m'nyengo yotentha ya Okutobala, thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Kungakhale kuchepa madzi m'thupi, malungo kapena sitiroko.

Ndipo chonde, nkhalamba yopezeka pakhomo pa eni usiku isatchedwe mfiti. Lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Ipatseni madzi, iperekezeni kwawo, m'mawa mudziwitse amfumu ndi mlangizi wa zaumoyo.