Penshoni akukudulani, koma kodi ikufika?

Ambirife tikalandira pepala la malipiro, maso amathamangira pansi pomwe pali ndalama yopita m'thumba. Mwezi uno taimani kaye pa mzere wa penshoni.

Lamulo limati inu muzisonkha 5 peresenti ya malipiro anu, abwana aziikapo yosachepera 10 peresenti. Tinene kuti mumalandira K300,000: kwa inu kuchoka K15,000, kwa abwana K30,000. Imeneyo ndi K45,000 pamwezi, K540,000 pachaka, phindu tisanawerengere. Ndalamayi iyenera kufika ku kampani yosunga penshoni pasanathe masiku 14 mwezi ukatha.

Pepala lija limangokuuzani kuti adula. Zoti atumiza silinena. Alipo mabwana amene amadula mokhulupirika mwezi ndi mwezi, ndalamayo n'kuigwiritsa ntchito zina, wantchito n'kudzadziwa tsiku lomwe akutsanzika. Ndiye musadikire tsikulo. Funsani ku ofesi kwanu dzina la kampani yomwe imasunga penshoni yanu, kaya ndi Old Mutual, NICO kapena ina, ndi nambala yanu ya umembala. Pitani konko ndi chiphaso cha unzika mukapemphe sitetimenti. Madzulo muiyale patebulo pambali pa mapepala a malipiro, cholembera m'manja, muzichonga: Januwale walowa, Febuluwale walowa, Malichi... Pomwe padumpha, zunguzani. N'chifukwa chake mapepalawa sakulungira mandasi ayi, asungeni mu envulopu imodzi.

Mukapeza miyezi yodumpha, lemberani abwana kalata, kope lina musunge. Zapakamwa amakana mawa. Akapanda kuyankha, kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi ku City Centre ku Lilongwe, chifukwa gavanala wa bankiyi ndiye woyang'anira makampani a penshoni.

Lamulo la 2023, lomwe linalowa m'malo mwa la 2011, linafewetsako zina. Ntchito ikatha, mutha kupempha gawo la ndalama zanu pakatha miyezi itatu musanapeze ina. Kale inali isanu ndi umodzi. Popuma pantchito mutha kutenga theka nthawi imodzi, pomwe kale inali 40 peresenti. Ine pamenepa ndimati ofuna kumalizitsa nyumba ku Area 49 atenge ndithu, koma ogula minibasi yoti ayendetse mlamu aganize kawiri, poti theka lotsalalo ndilo lidzawadyetse mwezi ndi mwezi.

Muli ku ofesi ya penshoni komweko, pemphaninso kuona fomu ya odzalandira ndalama inu mutamwalira. Ambiri tinaidzaza tsiku loyamba ntchito, tili mbeta kapena mphongo zosakwatira, tinangolemba mayi ndi achimwene. Pano muli ndi banja ndi ana atatu, fomu ikadali yomweyo. Dzazani ina, mulembe maina monga alili pa ziphaso, ndi gawo la aliyense, zonse pamodzi zikwane 100 peresenti. Akabadwa wina, mubwererenso.